Ng'oma ya Aona-Kutali a ku Valinor

Ilire ng'oma! Ilire tsidya la Nyanja Yaikulu. Ilire ku Valinor, kwa Valar 14, mafumu ndi mafumukazi a dziko limene J.R.R. Tolkien analiumba ndi cholembera, dziko limene buku la The Silmarillion linalivundukula mu 1977. Ilire, mitima inthunthumire.

Inu oyimba dziko lisanakhale. Inu munaona mapiri adakali nyimbo. Inu munaona mitsinje idakali loto. Inu amene Mlengi Ilúvatar anakuonetsani masomphenya, nawachotsa mathero asanaoneke, koma munatsikabe kukasenza dziko pamapewa.

Manwë! Mwini mphepo, Mkango wa pa Taniquetil, phiri lopondereza mapiri. Manwë, diso lopyoza nkhungu, diso lopyoza mdima. Manwë, mbuye wa Thorondor, chiwombankhanga cha mapiko a mikwamba 30. Fingon atalirira kwa inu pa phiri la Thangorodrim, muvi uli pauta, mapikowo anafika uta usanathe kunjenjemera.

Varda! Mayi wofesa nyenyezi ngati mapira. Varda, khutu lakumva kulira kwa m'zigwa zakutali. Varda, munapachika zenga la nyenyezi 7 kumpoto, kuti mdani Melkor akatukula mutu aziona tsiku lake likudza.

Mandos! Thanthwe losaseka, Mlonda wa nyumba za akufa. Mandos, wosaiwala kanthu, wosataya mawu pachabe. Mandos, munawachenjeza a Noldor za mwazi ndi chiwembu ali paulendo, ndipo liwu lanu silinagwe pansi. Mtima wanu unasungunuka kamodzi kokha, pa nyimbo ya Lúthien.

Oromë! Mlenje wa pamsana pa Nahar, lipenga logwedeza nkhalango. Oromë, munawapeza Ana Oyamba a Ilúvatar pagombe la Cuiviénen, akuphunzira kutchula zinthu maina pansi pa nyenyezi.

Tsono ikwere ng'oma. Ikwere, manja atupe, pakuti wafika Mwini Madzi.

Ulmo! Nyanja yopanda pansi. Ulmo, Mkokomo wa mathithi, Namondwe wovala zobiriwira. Ulmo, woyenda yekha, wosamanga mudzi, wosakhalitsa pabwalo la anzake. Ulmo, mwini Ulumúri, malipenga a zigoba zoyera, amene wowamva sapezanso tulo kutali ndi nyanja.

Ena atatchinga Valinor ndi mapiri, inu simunachoke. Ena atatseka khomo, inu simunachoke. Munakhalabe m'kasupe, munakhalabe m'dziwe, munakhalabe m'kamtsinje kodumphika ndi mwana. Dontho lililonse linali khutu lanu. Mtsinje uliwonse unali mthenga wanu.

Ndinu munalotetsa Finrod ndi Turgon atagona m'mbali mwa Sirion. Loto limodzi linakumba mapanga a Nargothrond. Loto lina linamanga Gondolin, mzinda wobisika pakati pa mapiri. Ndinu munauza Turgon asiye zida ku Vinyamar za munthu amene amake anali asanabadwe. Zinapachikika pakhoma m'nyumba yopanda anthu, zaka mazanamazana: lupanga, chisoti, chishango chabuluu cha phiko loyera. Tuor atafika, chisoti chinamukwana ngati chinayesedwa pamutu pake. Pamenepo munavuuka m'mafunde, wamtali ngati phiri, nimuika mawu anu m'kamwa mwa munthu wamba, akachenjeze Turgon.

Turgon anatseka makutu, Gondolin anapsa. Koma diso lanu linali litadutsa kale utsiwo. Linaona Tuor akutenga Idril, mwana wa Turgon. Linaona mwana wawo Eärendil akubadwa. Linaona ngalawa ya Vingilot ikung'amba mdima, mwala wa Silmaril ukuwala pamphumi pa Eärendil, mwini wake. Ndinu munatola mkazi wake Elwing m'mafunde, nimum'veka mapiko a mbalame yoyera. Eärendil anaima pamaso pa Valar, anapepesera Ana Oyamba ndi Anthu, ndipo Kumadzulo kunadzuka. Thangorodrim anaphwanyika ngati phale. Melkor anamangidwanso ndi unyolo wa Angainor.

Aona-Kutali inu! Simunataye dziko la anthu. Mdima utameranso, munatuma nkhalamba 5 za ndodo m'manja, ndipo wovala zotuwa, Gandalf, anafikitsa ntchito pamathero.

Ilire ng'oma kwa Mphepo. Ilire kwa Nyenyezi. Ilire kwa Thanthwe losaiwala. Ilire koposa kwa Ulmo, pakuti nthanda yotuluka m'mamawa ndi Eärendil, ndipo amene anaiona idakali loto m'mbali mwa Sirion ndi iye, Mwini Madzi.