Nkhodolero ya Mwirang'ombe ndi Malamulo a Kompyuta Osefera Zolembedwa

Pafupifupi pulogalamu iliyonse ya kompyuta imene imagwiritsidwa ntchito kubanki, m'sitolo, kuchipatala kapena mu ofesi ya boma ili ndi malamulo amene amayesa zimene kalaliki walemba zisanasungidwe. Pa Chingerezi ntchitoyi amaitcha validation. Kalaliki akalemba malembo pamene pafunika nambala, kapena akasiya malo ena osalembapo, kompyuta imakana kupitirira. Cholinga chake nchabwino ndithu. Koma amene amakonza malamulowa kawirikawiri sadziwa kalembedwe ka ziyankhulo zathu, ndipo zotsatira zake zikuonekera pa mayina a anthu ndi a malo.

Tiyambe ndi mawu amene. Omasulira ambiri amathamangira liwu loti "kutsimikiza". Liwuli likupatsa makina ulemu umene sali nawo. Kutsimikiza ndi kupeza umboni woti chinthu ndi choona, monga mmene mfumu imachitira umboni kuti uje ndi mwana wa m'mudzi mwake. Kompyuta siitha zimenezo. Imangoona maonekedwe a zimene zalembedwa: kutalika kwake, mtundu wa malembo ake, ndiponso ngati nambala ili pakati pa malire amene idauzidwa. Munthu wobadwa mu 1958 akalembedwa kuti adabadwa mu 1985, makina alandira mosanyinyirika chifukwa zaka zonse ziwiri nzotheka. Nchifukwa chake ife tikuona kuti liwu loyenera ndi "kusefa". Sefa imalola ufa wosalala kudutsa nkutsekereza misere, koma siidziwa ngati chimangacho chidali chofumbwa. "Kutsimikiza" tikusungire ntchito ina ija yoyerekeza zolembedwa ndi chiphaso kapena ndi mwini wake.

Malamulo ena osefera ndi anzeru, ndipo akonzi a mabuku amawadziwa kale ngakhale mwina sadawaganizirepo. Nambala ya ISBN, imene idali ya manambala 10 kufikira mu 2007 pamene idakhala ya manambala 13, ili ndi nambala yotsiriza imene imachokera pa masamu a manambala ena onsewo. Wotayipa akalakwitsa nambala imodzi, masamuwo sagwirizana ndipo cholakwa chimagwidwa pomwepo. Makadi a kubanki ali ndi njira yofananayo imene adaikonza Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM. Pa malamulo otere palibe chodandaula. Nambala ilibe mtundu.

Vuto limayamba pamene lamulo lafika pa dzina. Dera la Chilumba m'boma la Karonga ndi malo abwino oyeserapo nkhaniyi. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka, ndipo kumpoto kwake kuli Angonde. Mwa mafumu aakulu a kummwera kwa bomalo muli Wasambo ndi Mwirang'ombe. Dzina lachiwirili lili ndi nkhodolero, monganso mfunda ngati Ng'ambi ndi Ng'oma. Pulogalamu imene idauzidwa kuti dzina likhale ndi malembo a A mpaka Z okha imakana mayina onsewa, ndipo kalaliki, poona mzere wa anthu ukutalika, amangochotsa nkhodoleroyo.

Wina anganene kuti kachizindikiro kamodzi sikangaphe munthu. Koma aphunzitsi a Chichewa akudziwa kuti mu ng' nkhodolero si chokongoletsa ayi, ndiponso siikusonyeza kuti lembo lina lachotsedwa monga zimakhalira mu m'nyumba. Ng' ndi liwu lina, ng ndi liwu linanso. Ng'oma timaimba pagule. Ngoma ndi nyama ya m'tchire. Tsono munthu amene chiphaso chake chili ndi Ng'oma koma kubanki adalembedwa Ngoma, kwa makina ndi anthu awiri. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, amene adalemba anthu oposa 9 miliyoni, ndi kulembetsa manambala a foni kwa mu 2018, dzina la munthu limayerekezedwa pakati pa maofesi osiyanasiyana kuposa kale lonse. Kusiyana kwa kachizindikiro kamodzi kutha kubweza munthu amene walipira galimoto kuchokera ku Chilumba mpaka ku Karonga boma, kuti akakonzetse dzina limene iye sadalakwitse.

Chifukwa chake nchodziwika. M'chiyankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu ambiri amalankhulira ndi nkhokwe zawo za zolembedwa, chizindikiro chomwechi chimasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Dzina lokhala ndi nkhodolero likalowa mosasamala limasokoneza lamulo lonse, ndipo akuba amadzera pampata womwewo. Njira yotsekera mpatawo popanda kukana dzina ilipo ndipo akatswiri adaidziwa kalekale. Kuletsa nkhodolero ndi njira ya ulesi. Anthu a ku Ireland otchedwa O'Brien kapena O'Connor akhala akulimbana ndi vuto lomweli, zimene zikusonyeza kuti si ife tokha. Komabe kwa iwo dzina likataya nkhodolero katchulidwe sikasintha, pamene kwa ife kamasintha.

Nkhani ya ŵ, lija timati w wa tsindwi, ndi yosiyanako pang'ono. Alembi ambiri a Chichewa adalisiya lemboli, koma m'Chitumbuka likugwira ntchito tsiku ndi tsiku: ŵanthu, ŵana, ŵapapi. Mndandanda wakale wa ASCII wa mu 1963 udalibe lemboli. Unicode, imene idayamba mu 1991, ili nalo, mwa zina chifukwa chiyankhulo cha ku Wales chimaligwiritsanso ntchito. Choncho pulogalamu ya masiku ano yokana ŵ ilibe pothawira. Pamene pakadali msampha ndi pa mauthenga a SMS: uthenga wa malembo wamba umatenga malembo 160, koma mukaikamo ŵ mmodzi yekha malire amatsika kufika pa 70. Bungwe lotumiza mauthenga kwa alimi kapena odwala ambirimbiri limaona ndalama, ndipo tsindwi limasasuka.

Palinso lamulo lofuna "dzina loyamba" ndi "dzina la bambo", lililonse m'bokosi lake. Kumpoto mayi amadziwika ndi Nya- wotsatidwa ndi mfunda wa kwawo, monga NyaGondwe kapena NyaMhango. Kutchalitchi ali ndi dzina lina, ndipo akakwatiwa ofesi imamulemba ndi mfunda wa mwamuna. Nanga G wamkulu wa pakati pa NyaGondwe? Mapulogalamu ena amadzikonzera okha malembo aakulu, nkumutsitsa osafunsa. Apa olemba malamulo a kalembedwe tili ndi ntchito yathu: kodi tilembe NyaGondwe, Nyagondwe kapena Nya Gondwe? Malinga ngati ife sitidagwirizane, makalaliki atatu alemba njira zitatu.

Za tsiku lobadwa sitichulukitsa. Agogo amene amangokumbukira kuti adabadwa chaka cha njala ya 1949 sangapereke tsiku ndi mwezi. Makina akaumirira, kalaliki amalemba 1 Januwale, ndipo bodza limalowa m'nkhokwe litavala ngati choona. Bokosi lolola chaka chokha likadasunga choonadi.

Chodabwitsa nchakuti ku Chilumba komweko kuli chitsanzo cha kasamalidwe kabwino. Kafukufuku wa matenda a khate amene adayamba kumeneko mu 1979, nkudzafalikira ku chifuwa chachikulu ndi HIV pansi pa dzina la Karonga Prevention Study, wakhala akutsata anthu a m'bomalo kwa zaka zoposa 40; lero ntchitoyi ili m'manja mwa MEIRU. Kuyambira mu 2002 amalemba obadwa, omwalira ndi osamuka pakati pa anthu oposa 30,000 ozungulira Chilumba. Ntchito yotere siingadalire dzina lokha, poti dzina limasintha. Munthu aliyense ali ndi nambala yake, ndipo zolembedwa za papepala zinkatayipidwa kawiri kuti pamene pasiyana paonekere. Kusefa kudaikidwa pa nambala, pamene kumathandiza, osati pa katchulidwe ka dzina.

Chotsalira ndi mawu amene kompyuta imaonetsa ikakana. Kumasulira kuti "dzina lanu ndi lolakwika" ndi chipongwe, ndiponso si zoona. Dzina la Mwirang'ombe silidalakwe. Pulogalamu ndiyo yalephera. Womasulira alembe chimene chachitikadi ndi chimene munthu achite: "Malo ano salola chizindikiro ichi," kapena "Nambala ya foni ikhale ya manambala 10, kuyambira ndi 0." Ngakhale lamulo lachiwirili lili ndi nthawi yake, pakuti manambala a foni za m'manja m'dziko muno adatalikitsidwa mu 2009, ndipo pulogalamu iliyonse imene idaloweza kutalika kwakale idayenera kukonzedwa. Akonzi amene apatsidwa mauthenga otere kuti awaike m'Chichewa kapena m'Chitumbuka apemphe kuyesa pulogalamuyo asanasayine: alembemo Ng'ambi, Mwirang'ombe, NyaMhango ndi Malaŵi, kenako asindikize risiti nkuona ngati mayinawo atuluka monga adalowera.