Mwala usanafike pa macheka

Macheka ochekera miyala ya mtengo wapatali alibe mano. Ndi chitsulo chopyapyala chozungulira, chimene m'mphepete mwake adamatiramo tinyenyeswa ta dayamondi, ndipo sichidula mwala koma chimaupera pang'onopang'ono, uku chikusamba m'mafuta kapena m'madzi kuti chisatenthe. Chitsulocho sichilowa chonse m'mwala, poti pakati pake ndi pamene pamagwira chochizunguza. Chimalowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwake, mwina kupitirirako pang'ono. Macheka a mainchesi 10, amene amisiri ambiri amayambira, amalekezera pa mwala wochindikala mainchesi 3 kapena 4. A mainchesi 24, okwera mtengo ndiponso osowa, amafika cha pa mainchesi 9.

Nthaka siyang'ana zimenezo. M'migodi ya ku Mzimba, rose quartz imatuluka ili chimwala choti amuna angapo achite kuthandizana kuchikunkhuniza. Ndiye pakati pa dzenje ndi macheka pamaima munthu wina, wa hamala ndi tchizulo, amene ntchito yake ndi kuchepetsa chimwalacho kuti chikwane pa makina popanda kuwononga chimene chili mkati. Mwala ukafika kumalo ochekera miyala monga ku Jaipur, ku Bangkok kapena ku Idar-Oberstein, ulemu wonse umapita kwa wocheka ndi wosalaza. Ine ndimati mtengo wake udagamulidwa kale pa bwalo la mgodi, tsiku limene udasweka koyamba, chifukwa wocheka, ngakhale akhale katswiri bwanji, amagwira ntchito ndi chimene woswa wamusiyira.

Anthu amaisokoneza ntchitoyi ndi ya oswa kwale amene timawaona m'mbali mwa misewu. Zida zake n'zofanana, thukuta lake n'lomwelo, koma cholinga n'chosiyana kutali. Wa kwale amafuna tizidutswa tambiri kuti wilibala idzaze, ndipo kumenya kulikonse kumamuwonjezera ndalama. Woswa mwala wa mtengo wapatali amafuna zidutswa zochepa, zazikulu, zopanda mng'alu, ndipo kumenya kulikonse kungamuchotsere ndalama. Katswiri pa ntchitoyi umamudziwira pa kuchepa kwa nthawi imene hamala yake imalira.

Amayamba n'kutsuka. Madzi ndi bulashi, mpaka dothi lonse lichoke m'tizingwalangwa ta mwala. Mwala wouma umabisa zambiri, koma ukanyowa mtundu wake umaonekera ndipo ming'alu imadziulula yokha: pamene pali mng'alu madzi amalowa, ndipo pamwamba ponse pakauma, mzere wonyowa umatsalira. Amauzungulira mwalawo ndi choko m'manja, kulemba mzere uliwonse umene wauona. Akatero amagunditsa tochi pa mwala n'kuphimba ndi dzanja kuti kuwala kulowe mkati. Mu rose quartz kuwalako kumayenda masentimita angapo, ndipo pamene pali mng'alu wobisika kumaima n'kunyezimira mbee. Pomaliza amagogoda ndi kahamala kakang'ono, khutu lili pafupi. Mbali yolimba imalira ngwee, yokhala ndi chilema mkati imayankha mogonthoza. Angathe kutha m'mawa wonse akuchita zimenezi, ndipo wodutsa angaganize kuti ntchito sinayambe.

Chimene akufuna ndi malo amene mwalawo wayamba kale kugonja. Aliyense amene adawazapo nkhuni amadziwa kuti chipika chili ndi njira yake, ndipo nkhwangwa ikatsata njirayo chimang'ambika mosavuta, koma ikalimbana ndi mfundo imangodunda. Pa mwala pali phindu linanso loposa kupeputsa ntchito. Mng'alu umene ulipo kale ndi chilema chimene wogula adzachotsere mtengo. Woswa akalowetsa tchizulo momwemo n'kuung'amba mwalawo motsata mng'aluwo, chilema chija chimasanduka kunja kwa zidutswa ziwiri zoyera. Sanataye kanthu, ndipo wachotsa vuto limene likanatulukira pa macheka. Apa ndi pamene pagona luso lonse la ntchitoyi.

Vuto limabwera mwala ukakhala wopanda mng'alu pamalo pamene akufuna. Quartz, yomwe ndi mtundu umodzi ndi nsangalabwi zathu zija, ilibe njira yakeyake yong'ambikira. Imasweka monga galasi, mokhotakhota, ndipo mphamvu ya hamala siithera pamene yagunda. Pamalopo pamatsala chipsera choyera, ndipo kuchokera pa chipseracho timing'alu tosaoneka ndi maso timalowa pansi. Munthu wa mphamvu zake akaiponya hamala yaikulu pakati pa chimwala kakhumi, chimasweka ndithu, koma chidutswa chilichonse chimakhala chitavulala mkati. Zimadzaonekera kutsogolo, wocheka atathera ola lathunthu pa chibanthu chimodzi, n'kuchiona chikugawikana m'manja mwake.

N'chifukwa chake mmisiri weniweni amasiya hamala yaikulu n'kutenga zikhomo. Amajambula mzere ndi choko, ndipo motsata mzerewo amaboola mabowo otalikirana masentimita 10 kapena 15. Kuboolako n'kovuta pakokha. Pa muyezo wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs adakonza mu 1812, quartz ili pa 7, pamene chitsulo cha mpeni wamba chili cha pa 5 ndi theka, kotero pamafunika choboolera cha nsonga yolimba, madzi ozizitsira, ndi mtima wosapupuluma. Pa bowo lililonse amalowetsamo tizitsulo tiwiri tokhota kumutu kuti tisagwere mkati, kena mbali ino ya mzere, kena mbali inayo. Pakati pa tiwirito amaikapo chikhomo chachitsulo chosongoka kunsi. Ndiye amayamba kugogoda ndi hamala ya dzanja limodzi, chikhomo choyamba kamodzi, chachiwiri kamodzi, mpaka chomaliza, n'kubwereranso poyambira. Salola chimodzi chitsogole kwambiri, chifukwa mng'alu ungathawire kumene iye sakufuna. Zikhomo zikamathina, kulira kwake kumakwera, ndipo khutu lake limamuuza chimene chatsalira m'mbuyo. Zonse zikalira mofanana amaika hamala pansi n'kukhala phee. Mkati mwa mwala mumamveka timaphokoso tating'ono, kenaka kamzere kopyapyala kamatuluka pa bowo lina kupita pa linzake. Amagogodanso mofatsa, kulira kuja kumagwa mwadzidzidzi, ndipo chimwala chimatseguka pawiri, nkhope zake zili zowongoka.

Hamala imaponya mphamvu pamalo amodzi nthawi imodzi. Zikhomo zimaukankha mwala kuchokera mkati, pang'onopang'ono, ndipo mwala umene umapirira kwambiri kupsinjidwa supirira kukanulidwa. Amene alibe choboolera amalemba mzere wozama ndi gilayinda ya mpeni wa dayamondi kuzungulira mwala wonse, n'kuyendetsa tchizulo m'ngalandemo. Mwalawo amaukhazika pa mchenga kapena pa tayala lakale kuti mphamvu isabwerere kuchokera pansi, ndipo amaufunditsa chiguduli kuti zibanthu zisauluke.

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimandipweteka mtima. Yoyamba ndi kusonkha moto pa mwala n'kuuthira madzi ozizira. Pa mwala womangira nyumba njirayi ilibe vuto, koma pa mwala wocheka imadzaza mkati monse ndi ming'alu, ndipo miyala ina, monga amethyst, imasintha mtundu ikatenthedwa. Yachiwiri ndi kuphulitsa pafupi ndi pamene pali miyala yabwino. Ntchito ya sabata imatha m'kanthawi kochepa, koma aquamarine imene ikanatuluka yathunthu imatuluka ili tizidutswa.

Pa rose quartz kukula kwa chidutswa ndi nkhani yaikulu. Mtundu wake wa pinki ndi wofewa, ndipo kamwala kakachepa kwambiri kamayererako. Ogula amene amasema mipira ndi zokongoletsera m'nyumba amafuna chipika chachikulu choyera, choncho woswa amachepetsa mpaka pamene macheka angalandire, n'kulekera pomwepo. Rose quartz ina ili ndi tiulusi tosaoneka mkati, timene timaonetsa nyenyezi ya nsonga 6 mwalawo ukasalazidwa mozungulira. Kung'amba mosasamala kungausiye wopyapyala mbali imene nyenyeziyo ikanakhala.

Ndipo mwala uliwonse uli ndi khalidwe lake. Topaz ndi yolimba kuposa quartz, koma ili ndi njira imodzi imene imang'ambikira mosalala, mwakuti kugunda kumodzi kolakwika kumaigawa pakati. Amazonite ili ndi njira ziwiri zopingasana. Aquamarine ya ku Mzimba ndi ku Lundazi ikakhala yoyera safuna n'komwe kuionetsa hamala. Amabenthula mbali zoipa ndi pulayala, kachidutswa kamodzikamodzi, akuyang'ana padzuwa. Nephrite, mtundu wina wa jade, ndi yofewerapo kuposa quartz, koma tiulusi take tidalukana kwambiri kotero kuti hamala imangodumpha, ndipo amisiri akale a ku China ankaicheka ndi chingwe ndi mchenga wonyowa. Agate yabuluu ya ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, imafuna luso la mtundu wina. Idapangika m'mphako za miyala imene kalekale idali chiphalaphala cha moto, ndipo imatuluka yobulungira, khungu lake lili lokhakhala, losaonetsa chimene chili mkati. Wosadziwa amaiphwanya pakati kuti aone. Wodziwa amabenthula kachibanthu kakang'ono kunsonga, n'kupakapo madzi, ndipo pa kazenera kameneko amaona mtundu wake ndi kumene mizere yalowera. Agate zambiri zimakwana pa macheka zili zathunthu, ndiye amazipereka choncho osaziswa.

Kuswa mwala kotchuka kwambiri m'mbiri kudachitika pa mwala wa kuno ku Africa. Pa 26 January 1905, pa mgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria, padapezeka dayamondi ya makarati 3,106, yolemera magalamu pafupifupi 621, yotalika masentimita 10. Adaitcha Cullinan, dzina la Thomas Cullinan amene adatsegula mgodiwo. Boma la Transvaal lidaigula mu 1907 n'kuipereka kwa Mfumu Edward VII ya ku Britain, ndipo ntchito yoigawa idapatsidwa kwa Joseph Asscher wa ku Amsterdam. Dayamondi ili pa 10 pa muyezo wa Mohs, palibe mwala wachilengedwe woiposa, komabe ili ndi njira zinayi zimene imang'ambikira. Asscher adasankha imodzi imene inkadutsa pa kadontho kakuda kamene kadali mkati. Kukumba kangalande kozama theka la inchi pa mzerewo kudatenga masiku 4. Pa 10 February 1908 adaika mpeni wachitsulo m'kangalandeko n'kumenya. Mpeni ndi umene udathyoka. Atatenga wina wolimbirapo n'kumenyanso, mwala udatseguka pawiri, ndendende pamene iye adafuna, ndipo kadontho kaja kadatsalira kunja kwa zidutswa zonse ziwiri, pamalo poti kachotsedwe mosavuta.

Kuchokera pamenepo mudatuluka miyala 9 ikuluikulu ndi ina 96 ing'onoing'ono. Waukulu kwambiri, wa makarati 530, uli pa ndodo yachifumu ya ku Britain, ndipo wachiwiri, wa makarati 317, uli pa chisoti chachifumu. Yonse iwiri imasungidwa ku Tower of London. Zimene adachita Asscher n'zomwe amachita munthu wa choko ndi tochi pa mgodi wa ku Mzimba: kupeza chilema, kudutsitsa mzere pamenepo, kukonzekera nthawi yaitali, kumenya pang'ono.

Chotsala ndi kuganizira mnzake wa pa macheka. Mwala umamangidwa m'chopanira, ndipo chopaniracho chimagwira bwino pakakhala mbali ziwiri zosalala. Mwala wobulungira kapena wosongoka ukaterereka macheka ali mkati, chitsulo chija chimapindika, ndipo cha mainchesi 24 sichigulidwa pa golosale ya pa mphambano. Woswa wabwino amasiya pogwira. Amabenthula nsonga zonse zogwedera, miyala imene ili ndi mawonekedwe ovuta amailemba kuti ikawumbidwe m'simenti kapena m'pulasitala isanachekedwe, ndipo pa chidutswa chilichonse amajambula kamuvi kosonyeza kumene macheka alowere kuti mizere ndi mtundu zituluke bwino. Zibanthu za mikanda ndi mphete zimachekedwa zochindikala mamilimita pafupifupi 6, ndipo pa kucheka kulikonse mwala wina umatayika ngati fumbi. Iye amawerengera zonsezo asanamenye.

Ntchitoyi imadyanso thupi la mwini wake. Chibanthu cha quartz n'chakuthwa kuposa lumo, ndipo chikalowa m'diso sichibweza. Choopsa kwambiri ndi fumbi lake. Likapumidwa zaka zambiri limaumitsa mapapo, matenda a silicosis amene adavutitsa ambiri mwa makolo athu obwerera ku migodi ya ku Joni, ndipo alibe mankhwala ochiza. Kuboola ndi kugaya kuzichitika ndi madzi, maso akhale ndi magalasi, pamphuno pakhale chotchinga chenicheni osati mpango.

Masiku ano pakamwa pa atsogoleri sipachoka mawu akuti tileke kugulitsa miyala yosakonza, ndipo maganizo amathamangira ku macheka ndi makina osalazira. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, kuli sukulu yophunzitsa kucheka miyala ya mtengo wapatali, ndipo n'zoyenera kutero. Koma macheka abwino sangachiritse mwala umene udavulazidwa pa mgodi. Inu a mabungwe a anthu okumba miyala ndi inu ogwira ndalama zothandizira migodi ing'onoing'ono, pogula macheka muguliretu zikhomo, zoboolera, matochi ndi magalasi, ndipo mufufuze akuluakulu amene amadziwa kuwerenga mwala kuti aphunzitse anyamata pa bwalo la mgodi pomwepo.