Ng'oma Yojomba ndi Phazi la ku Mzimba

Nyimbo zambiri zovina zopangidwa ndi makina zimayenda ndi kugunda kumodzimodzi: gu, gu, gu, gu, kanayi kanayi osaphonya. Disco inkayenda choncho, house inatengera pomwepo, kwaito ya ku Joni inangochepetsako liwiro. Wovina savutika kuganiza, ng'oma yaikulu imamuuza poponda. Koma tcherani khutu ku zimene zikutuluka m'masipika a pa Mzimba boma, pa Jenda kapena pa Embangweni, makamaka mu Disembala anyamata a ku Joni akabwera kudzaona kwawo. Ng'oma yaikulu ija yayamba kujomba. Pamene ukuidikira siigunda. Imafika mochedwa, kapena kufulumira, kapena kungosiya mpata wopanda kanthu. Ndipo bwalo silisokonekera ayi. Pa mpata pomwepo m'pamene anthu amakuwa.

Kunja mayimbidwe othyola kugunda chotere ali ndi mbiri yake, pansi pa dzina la breakbeat. Pa 11 Ogasiti 1973, m'nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mumzinda wa New York, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, wodziwika kuti DJ Kool Herc, anaseweretsa zimbale paphwando limene mchemwali wake anakonza. Herc anali ataona kuti ovina amapenga pa kagawo kamene oyimba ndi a magitala amakhala chete n'kusiyira woimba ng'oma yekha. Kagawoko kamatha msanga. Ndiye anayamba kugwiritsa ntchito zimbale ziwiri za nyimbo imodzi: kakatha apa, wakayambitsa apo, mpaka masekondi ochepa asanduka mphindi zingapo. Luso lonse linayambira pamenepo, pa kudziwa pomwe woimba ng'oma wafika pachimake, n'kudula pomwepo.

Kachidutswa kotchuka kuposa tonse kali m'nyimbo ya "Amen, Brother" ya gulu la The Winstons, ya 1969. Woimba ng'oma anali Gregory Coleman, ndipo anakhala yekha kwa masekondi pafupifupi 7, mizere inayi ya kugunda. Mizere iwiri yoyamba akuyenda bwinobwino ngati palibe nkhani. Mumzere wachitatu akuchedwetsa dala kang'oma kamawu akuthwa. Mu wachinayi akusiya poyambira penipeni popanda kanthu, kenako akumenya chitsulo isanakwane nthawi yake. Basi. Kupunduka kwadalako n'kumene gulu la N.W.A linaika pansi pa "Straight Outta Compton" mu 1988, n'kumenenso achinyamata a ku London anathamangitsa mpaka kupitirira kugunda 160 pa mphindi n'kupanga jungle kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Ku Mzimba mzimu umenewu sunadzere ku London. Unakwera basi ya ku Joni, m'mafoni ndi m'ma flash, n'kutsikira kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Unayamba ndi gqom ya m'makomboni a ku Durban, ya DJ Lag, Rudeboyz ndi Distruction Boyz, imene inafika m'makutu a aliyense ndi "Wololo" ya Babes Wodumo mu 2016 ndi "Omunye" mu 2017. Gqom inachotseratu kugunda kwa kanayi kuja. Ng'oma yake yaikulu imabwera mopendekeka, mdima uli bii kumbuyo kwake. Amapiano a Kabza De Small ndi DJ Maphorisa ndi ofatsirapo, kugunda pafupifupi 112 pa mphindi, koma besi yake, log drum, imagwera m'mipata osati pa mzere. Kenako kwabwera 3-step, imene ambiri amaitchulira Thakzin: kugunda katatu, kachinayi kulibe. Wokhwimitsa malamulo anganene kuti zonsezi si breakbeat, poti sizinadulidwe kuchokera pa chimbale cha woimba ng'oma wamoyo. Akunena zoona, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika. Koma maganizo ake ndi amodzi: wovina umunamize pang'ono, thupi lake lidzazire lokha pamene pasowa.

Chifukwa chimene phazi la ku Mzimba silikhumudwa pa mpata wotere chimaonekera pa Hora mwezi wa Ogasiti, pa mwambo wa Umthetho, magulu a ingoma akamadutsa pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Ingoma ya kuno ilibe ng'oma. Chowerengera nthawi ndi manja a amayi ndi nyimbo yawo. Bambo amanyamula mwendo, n'kuusiya m'malere kanthawi, chishango chili patsogolo, anthu onse akudziwa kuti phazi likubwera koma palibe angalifulumizitse. Likatsika, mapazi makumi angapo pamodzi, nthaka imayankha, mangenjeza n'kumalizitsa. Kugunda kwakukulu kumabwera mwa apo ndi apo, ndipo ukulu wake umachokera pa kudikirako. Gqom yabwino imamangidwa momwemo: tizitsulo ndi timawu todukaduka pamwamba timasunga nthawi ngati manja a amayi aja, ng'oma yaikulu n'kumabwera ikafuna.

Pali ena amene angathamangire kunena kuti n'zachibadwa, poti Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, anachokera mbali yomweyo imene lero ndi KwaZulu-Natal, kwawo kwa gqom. Ine sindingafike pamenepo. Zaka pafupifupi 200 ndi zambiri, ndipo Mzimba wa lero amayankhula Chitumbuka. Magazi sasunga biti. Chimene chimasunga ndi kuonerera. Mwana amene wakula akuona agogo ake akuchedwetsa phazi waphunzira kuti kuchedwa n'kukoma, ndipo sipika ikachita zomwezo saona chachilendo.

Vuto lili kwa opanga mabiti athu. Pafupifupi onse amagwira ntchito pa FL Studio, pulogalamu ya kampani ya ku Belgium yotchedwa Image-Line, yomwenso inabala gqom. Ngakhale log drum yotchukayo ndi liwu lopezeka kale m'kachipangizo kake ka Fruity DX10. Ukaitsegula pulogalamuyi imakupatsa timabokosi 16 pamzere, magulu anayi a tinayi tinayi, ndipo dzanja limangozolowera kudina mmenemo. Pamene ng'oma za vimbuza siziyenda pa 16. Zimayenda pa 12, ndipo 12 imagawika patatu komanso panayi. Woomba m'manja akhoza kumamva ziwiri pamene woimba ng'oma akumva zitatu, onse ali olondola, ndipo wovina amasankha komwe chiuno chake chitsamire, kapena kusinthasintha. Steven Friedson, amene anakhala ndi asing'anga a Chitumbuka n'kulemba buku la Dancing Prophets mu 1996, anaika kukokana kwa ziwiri ndi zitatu kumeneku pakati penipeni pa mphamvu ya gule ameneyu. Mnyamata akafuna "kuikamo kakwathu", amatenga liwu la ng'oma, n'kulikhomera m'timabokosi 16 tija, makina n'kuliwongola. Chotsala ndi chikumba cha ng'oma, kayendedwe kake kulibe. Mumamva amapiano a ku Pretoria atavala mangenjeza, ndipo ine sindikuona chifukwa chimene munthu angasankhire nyimbo yotere m'malo mwa ya eni ake.

Kukonza kwake sikovuta ngati mmene anthu amaganizira. Pulogalamuyo imalola kugawa kugunda kulikonse patatu, ndipo imalola kuzimitsa chowongolera. Koma njira yeniyeni ndi ya Herc ija: usajambule liwu limodzi la ng'oma, jambula munthu akuimba, umusiye atenthe, kenako dula mizere iwiri kapena inayi pomwe manja ake achita chinthu chimene sungachidine ndi mbewa ya kompyuta. Kuchedwa kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi, dzanja lamanzere lopepukirapo kuposa lamanja, mkokomo wa ng'oma imene yawambidwa pamoto kumene, zonsezo zimalowa pamodzi. Besi ndi zina zonse zizitsatira kachidutswako, osati iko kuzitsatira. Foni yabwino yoikidwa pansi pafupi ndi mapazi a gulu la ingoma ingathe kugwira kugunda kumene palibe makina ali nako.

Anthu otsegula njira alipo kale. Hugh Tracey anayendayenda m'Nyasaland akujambula mu 1950 ndi 1958, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University. Malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu Januwale 2021, anaonetsa kuti magule a kumpoto akhoza kunyamula jazz popanda kuwathyola msana. Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu, anaimba Chichewa pamwamba pa makina a ku London ndi gulu la The Very Best. Pomwe patsala ndi pa ng'oma yokhayokha, yodulidwa n'kuikidwa patsogolo.

Koma biti yothyoka ili ndi nthawi yake. Pa perekani-perekani musayese n'komwe: azakhali akubwera ndi ndalama m'manja akufuna nyimbo yowongoka yoti ayendere mpaka pa lichero, ndipo DJ amene angawathyolere biti pamenepo amva kuchokera kwa MC. Ng'oma yojomba ndi ya usiku, akuluakulu atapita.

Tsono pali nkhani ya mwini ng'oma. Coleman sanalandireko tambala pa masekondi 7 aja, ngakhale alowa m'nyimbo zikwi zingapo. Anamwalira mu 2006 ku Atlanta alibe pokhala. Mu 2015 m'pamene okonda nyimbo ku Britain anasonkherana ndalama, n'kupatsa Richard Spencer, mtsogoleri wa The Winstons, Coleman atapita kale. Kuno nkhaniyi ndi yolemerapo. Vimbuza, zimene UNESCO inazilengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ndi mankhwala. Wovina usiku kwa ntchimi, sing'anga wa vimbuza, ndi wodwala, ndipo kulira kwake sikoyenera kukamveka m'bala. Magulu ovina vimbuza poonetsa pa zisangalalo alipo, ndi oimba ng'oma aluso zedi, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuwapempha, kuwalipira tsiku lawo ndi kugwirizana nawo za mawa nyimbo ikagunda.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limaika magule ndi nyimbo za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo COSOMA ndiyo imayendetsa za umwini wa nyimbo. Koma mizere inayi imene bambo wina wa ku Luwerezi waimba masana ena si ya makolo okha. Kachedwedwe kake ndi kake, ndipo mnzake wa mudzi womwewo akapatsidwa ng'oma yomweyo angaimbe mosiyana. Polembetsa nyimbo, dzina la bamboyo lilembedwe pamodzi ndi la wopanga biti, ndi gawo lake la ndalama.