Galimoto ya mawaya ndi Mario Kart

Ku Chainda, kum'mawa kwa Lusaka kufupi ndi Avondale, ana akupangabe magalimoto a mawaya, ndipo luso lawo ndi lofunika kuliyamikira. Nzeru yonse ili pa chiwongolero: waya wautali umachoka m'manja mwa mwana kutsikira ku mateyala akutsogolo, akaupotoza pang'ono galimoto n'kukhota. Mateyalawo amawadula ku patapata wakutha kapena amatola zitsekerero za mabotolo, molumikizira monse n'kukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga.

Mario Kart Tour, gemu ya pafoni imene Nintendo inatulutsa mu 2019, sindikuinyoza. Galimoto imathamanga yokha, iwe n'kumangoiwongolera ndi chala chimodzi, ndipo wotsogola akaterereka pa khoko la nthochi, wotsalira amamupitirira akuseka. Koma popanda intaneti siseweredwa, bandulo imangotha. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambirimbiri, mafoni ali zii.

Ya mawaya ikapindika, mwiniwake amaiwongola pomwepo. Vuto lake, waya amabaya zala, ndiponso woyanikira zovala wa amayi sachedwa kusowa.

Makolo, mwana akapempha pulayala, m'bwerekeni.