Shakespeare ndi Mawu a Chingerezi: Mphale ndi Gaga

Pali mbiri yofala m'masukulu yakuti William Shakespeare, amene anabadwira ku Stratford-upon-Avon m'chaka cha 1564 namwalira mu 1616, ndiye anapeka mawu ochuluka a Chingerezi cha masiku onse. Mbiriyi ili ndi choona chake, koma mphunzitsi wanzeru ayenera kuipeta monga apetera mphale, kuti gaga apite padera.

Mphale yake nayi. Mngerezi akatcha mnyamata wokonda zibwenzi kuti Romeo, kapena wokongoza ndalama wouma mtima kuti Shylock, atapa m'nkhokwe ya mlembiyu, angakhale sanapenyepo sewero lake. Akafanizira nsanje ndi chilombo cha maso obiriwira, atsata Iago wa m'sewero la Othello. Ndiponso Shakespeare sanaope kupinda malamulo a chinenero. Mu Richard II anatenga dzina lakuti uncle nalisandutsa mneni, pamene nkhalamba York ikaniza mwana wa mbale wake, wopandukira mfumu, kuitchula ndi dzina la ubalelo. Mkwiyo wake umveka m'kupotoka kwa liwulo.

Tsono gaga ali apa. Mtanthauziramawu wamkulu wa Oxford, amene anatuluka m'zigawo kuyambira 1884 kufikira 1928, anasonyeza pa liwu lililonse buku lakale koposa m'mene linapezeka. Koma osonkhanitsa zitsanzo anasanthula Shakespeare mosamala kupambana alembi anzake, kotero kuti mawu ambiri anaoneka ngati anayamba ndi iye. M'chaka cha 1980 Jürgen Schäfer anasonyeza kuti ena a iwo analembedwa kale ndi anthu ena. Miyambi nayo chimodzimodzi: uja wochenjeza kuti kunyezimira sindiko kuzindikiritsa golide, wopezeka mu The Merchant of Venice, anaulemba kale Chaucer, amene anamwalira mu 1400.

Kodi ulemu wa Shakespeare uchepa potero? Iyayi, pakuti luso lake silinali m'kuchuluka kwa mawu opeka. Iye anatchera khutu ku zolankhula za pamsika, za asilikali ndi za m'bwalo la milandu, naziika pakamwa pa munthu wogwidwa ndi mantha, chikondi kapena chisoni. Ku Globe, nyumba ya masewero yomangidwa mu 1599, olemera ndi osauka anazimva pamodzi. Pambuyo pake anzake awiri, John Heminges ndi Henry Condell, anasindikiza masewero 36 m'buku limodzi mu 1623, ndipo mibadwo yotsatira inawawerenga ndi kuwaloweza.

Chifukwa chake mphunzitsi asalemetse ana ndi mndandanda wa mawu amene ati anapeka Shakespeare. Awaonetse amene alankhula, amene amva, ndi chimene chavuta pamenepo. Akumbukirenso kuti m'masiku a mlembiyu sukulu zinalemekeza Chilatini koposa Chingerezi, koma iye anapeza chuma chake m'chinenero chimene anayamwira.