Mmisiri amene amayamba ndi kuyeza

Nyumba zambiri za ku Area 47 ku Lilongwe zinasanduka maofesi a mabungwe. Mu imodzi mwa izo, m'kachipinda kamene kanali kosungiramo katundu, mumagwira ntchito mayi wina wosamalira seva. Udindo wake ndi woti virtual machine iliyonse ikhale ndi inzake ku Blantyre yofanana nayo ndendende, kuti ya ku Lilongwe ikafa, malipiro a antchito ndi mabuku a ndalama zisafere limodzi.

Chimene ndimamusirira nacho n'choti sathamangira kuika pulogalamu. Ngati telala wa mumsika wa Kawale, nsalu saidula asanayeze.

Amayambira pa magetsi. Sanaiwale Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Choncho amazimitsa dala magetsi, wotchi ili m'manja, kuti aone ngati mabatire a UPS angapirire mpaka jenereta italira.

Kenako intaneti, ndipo apa m'pamene nzeru zake zimaonekera. Pulogalamu yokopera makina ya Hyper-V Replica imatha kutumiza zosintha pa masekondi 30, pa mphindi 5 kapena 15 zilizonse. Wosakhwima pa ntchito amasankha masekondi 30 poganiza kuti kufulumira ndiye ukatswiri. Iye amayamba watenga sabata akuwerenga kuchuluka kwa data imene imasintha patsiku. Ikakhala 20 GB, pa laini ya 10 Mbps imafuna maola oposa anayi. N'zotheka, bola anthu a mu ofesi asaphinjike pa misonkhano ya Zoom. Koma kope loyamba la 500 GB lingadye masiku pafupifupi asanu laini osapuma. Ndiye amalikopera pa hard disk, n'kulitseka ndi pasiwedi, n'kulitumiza pa galimoto kudzera pa Dedza ndi Ntcheu. Likafika, pa waya pamangodutsa zosintha zokha.

Zinazo amadutsa mwachangu: malo okwanira pa disk ya ku Blantyre, RAM yokwanira kudzutsa makina onse, port 443 yotsegula pa firewall.

Akatha zonsezi amachita chimene ambiri amachizemba. Amadzutsa kope lija moyeserera, pa netiweki yakeyake, n'kuitana wowerengera ndalama kuti atsegule yekha mafayilo a dzulo. Abwana, ngati mmisiri wanu wapempha tsiku limodzi loyesera zimenezi, mpatseni.