Golide Wopanda Chiyankhulo: Ndemanga pa Maulendo a m'Mapaki a Mbiri ya Migodi ku Johannesburg

Mlendo wofuna kuphunzira mbiri ya golide ku Johannesburg poyenda pansi ali ndi malo aŵiri odziŵika bwino. Oyamba ndi George Harrison Park, ku Langlaagte, kumene mwala wa golide unapezeka m'chaka cha 1886. Achiŵiri ndi Gold Reef City, paki yomangidwa pa mgodi wa nambala 14 wa Crown Mines, kumene mlendo amatsikira pansi pa nthaka, naonerera kasungunulidwe ka golide, nayenda pakati pa nyumba zofanizira tawuni ya migodi ya kale. Ife tiŵerenga maulendo ameneŵa monga momwe tingaŵerengere buku, ndipo funso lathu ndi ili: kodi bukuli likunena mbiri m'mawu a yani?

Mayina okha ayamba kale kutiyankha. Harrison, Crown, Gold Reef, Langlaagte: onseŵa ndi a Chingelezi kapena Chibunu, a opeza golide, eni makampani ndi eni minda. Okumba anali ndi mayina awo a malo omwewo. Azulu anati eGoli, Asutu anati Gauteng, makolo athu anati ku Joni.

Vuto lalikulu lili m'chikhalidwe cha paki. Paki imasunga chimene chimaima malo amodzi, monga njanji, chikepe ndi makina osinjira miyala, koma chiyankhulo sichiima. Golide wa ku Witwatersrand anakumbidwa m'Chifanakalo, chiyankhulo chosakaniza chimene ku Zimbabwe ndi ku Zambia chinkatchedwanso Chilapalapa. M'chaka cha 1953 Desmond Cole anayerekeza kuti pa mawu 100 alionse a Chifanakalo, 70 ndi ochokera ku ziyankhulo za Chinguni, makamaka Chizulu, 24 ku Chingelezi, ndipo 6 ku Chibunu. Chochititsa chidwi kwa ife sichiŵerengerochi ayi, koma zimene zinatayika. Magulu a mayina ndi agwirizanitsi ake, amene ali msana wa Chizulu monganso wa Chicheŵa, anagwa pafupifupi onse. Panatsala lo patsogolo pa dzina ndi ma- wosonyeza zambiri. Mneni anauma: mina hamba, mina hambile, mina zo hamba, ndiye kuti ndikupita, ndinapita, ndidzapita. Amene anaima m'mgodi wa nambala 14 osamva mawu otere waona ngalande chabe, ntchito sanaione.

Ambiri, kuphatikizapo mabungwe a ogwira ntchito m'migodi, atsutsa Chifanakalo kuti n'chiyankhulo cha bwana polamula wantchito, ndipo pali choonadi pamenepo. Komabe sitivomereza kuti chifukwa cha ichi chiiŵalike. Mshangani, Msutu ndi Mcheŵa akakumana pa thanthwe limodzi, mdima uli bii, ankachenjezana m'chiyankhulo chomwechi. Kuchichotsa m'mbiri chifukwa cha manyazi n'kulakwa kofanana ndi kuchisandutsa nthabwala yoseketsa alendo. Okonza ndondomeko za ziyankhulo amagwa msanga m'dzenje loyambalo, pakuti amakonda ziyankhulo zaulemu.

Nkhaniyi itikhudza ife mwachindunji. Pofika m'chaka cha 1973 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, olembedwa ndi bungwe la WNLA, limene m'kamwa mwathu linasanduka Wenela. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalaŵi obwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambanso mu 1977, dzina la bungwe litakhala TEBA (kwathu, Theba), nitheratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza kachilombo ka HIV.

Zimene paki ilephera kusunga, Chicheŵa chasunga mwa njira yake. Basopo ndi pas op wa Chibunu; komboni ndi compound; mgodi weniweniwo ndi umgodi wa Chizulu, kutanthauza dzenje. Loposa onse ndi mtchona. M'Chinguni mneni tshona amanena za dzuŵa likamaloŵa kapena chinthu chikamira. Kwathu anabala dzina la munthu amene anapita ku ntchito osabweranso, osatumiza ngakhale kalata. Mawuŵa sanafike ndi njira imodzi, pakuti migodi ya ku Zimbabwe ndi ku Zambia inatengakonso anthu athu, ndipo kulekanitsa njirazi kufuna umboni wa pakamwa. Amene angaupereke ndi madoda a Theba a m'midzi mwathu, ndipo aang'ono mwa iwo, olembedwa chakumapeto mu 1988, akuyandikira zaka 60.